Rauta ya m'chipinda cha mayi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Ndinapita kukakonzetsa foni pa kashopu kena pa boma la Ntcheu, n'kuyamba kutsutsana ndi mwini wake, a Gomani, za chimene chinavuta. Anandiyang'ana nati, "Mtsikana iwe umalankhula kwambiri. Ubwere mawa tione ngati manja akufanana ndi pakamwapo."

Ankagulitsanso ndi kuika marauta m'nyumba za anthu. Anandiphunzitsa kuti rauta ndiyo imagawira foni ndi kompyuta iliyonse adiresi yake, ntchito yomwe amaitcha DHCP, ndipo wogawayo ayenera kukhala mmodzi basi. "Usananyoze netiweki, funsa kaye kompyuta kuti adiresi yaitenga kwa ndani," ankatero.

Tsiku lina m'mawa anandituma ndekha pa kabaza kwa mayi Nangozo, amene amuna awo anali atangomwalira ku Joni. Mwana wawo Tadala anali ndi intavyu ya ntchito ya unamwino masana omwewo, pa intaneti. Laputopu inkaonetsa kuti yalumikizika, koma tsamba silinkatseguka. Kudera kwawoko netiweki ya foni imagwira pokhapokha rauta ikakhala pa windo, choncho panalibe kothawira.

Ndinazimitsa rauta imene shopu yathu inawaikira ndi kuyatsanso. Zinatheka pang'ono, kenako zii. Ndinalemba lamulo la ipconfig pa laputopu kuti ndione adiresi, ndipo mutu unaima. Rauta yathu inkagawa maadiresi oyamba ndi 192.168.8, koma laputopu inali ndi 192.168.0. Nditatsegula tsamba la amene anaipatsa adiresiyo, panatuluka rauta ya mtundu wina umene sitinagulitsepo.

"M'nyumba muno muli rauta ina," ndinatero.

"Mulibe, achemwali. Ndimasesa muno ndine," anayankha Tadala.

Kuseri kwa rauta yathu kunali waya wa buluu. Ndinautsatira m'mbali mwa khoma, kuseri kwa kabati, mpaka unalowa pansi pa chitseko china. Nditagwira chitsekocho, Tadala anandigwira dzanja.

"Mmenemo ndi mwa amayi. Ine sindinalowemo chikulire changa."

Ndinachita manyazi, pakuti nanenso kwathu sindilowa kuchipinda kwa makolo. Mayiwo anali panja akusankha nyemba. Titawaitana n'kuwafunsa za rauta inayo, anaima pakhomo, n'kunena motsitsa kuti inde, ilimo. Inabwera m'chikwama cha malemu pamodzi ndi zovala, ndipo alamu awo anailumikiza pa waya umene kale unali wa TV.

"Mayi, imeneyo ndi imene ikusokoneza. Izimitsidwe," ndinatero mwaphuma.

Anamasula foni pa nsonga ya chitenje, n'kundionetsa maina a waifai. Pansi pa dzina la rauta yathu panali lina: Nangozo wanga.

"Analemba okha malemu ali ku Joni," anatero. "Ndikadzuka ndimayamba ndaliona. Mukazimitsa lichoka?"

Ine ndinkasaka chinthu chowonongeka, osadziwa kuti ndikulamula mayi wamasiye kuti azimitse mawu a amuna awo. Tadala naye anali asanadziwe mwini wa dzina lija. Ankaganiza kuti ndi la anansi. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, nthawi ya intavyu ili pafupi.

Ndinabwerera pabalaza n'kuzula waya wa buluu uja ku mbali ya rauta yathu. Pa laputopu ndinalemba ipconfig /release, kenako /renew, kuti itaye adiresi yakale n'kupempha yatsopano. Adiresi inabwera ya 192.168.8, tsamba n'kutseguka. Ndinawauza mayiwo kuti ayang'ane foni yawo. Dzina linali pomwepo, chifukwa rauta ya malemu inali chiyakire, kungoti sinkagawanso maadiresi kwa a pabalaza.

Tadala anasukusula, navala bulauzi yoyera, n'kukhala kutsogolo kwa laputopu maso ali ofiira. Ine ndi mayi ake tinakhala pa khonde, tikumumva akuyankha mafunso bwinobwino mpaka kumapeto.

Intavyu itatha, mayiwo anaitulutsa okha rauta ija atakulunga m'kansalu. Ndinazimitsa DHCP yake kuti isiye kupikisana ndi inzake, ndinalumikizanso waya, dzina osalikhudza.

Mpaka lero ndikapeza rauta yachiwiri m'nyumba ya munthu, sindithamangira kuzula pulagi. Ndimayamba ndafunsa kuti ndi ya ndani.