Nthutumba ya mlendo wa ku Mponela

Nkhuku ndapha zosawerengeka pakhomo langa ku Msakambewa, koma zomwe ndadyako ine ndi zipalapasiro ndi khosi. Kwathu kuno nthutumba ndi ya bambo wa pakhomo, apo ayi mlendo amene mwamulandira ndi manja awiri. Ikasowa m'mbale, zimakhala ngati simunaphe nkhuku n'komwe.

Chaka chatha achimwene anga, omwe ndi eni mbumba, anabwera ndi bambo wina wogula fodya ku Mponela, wa mitala kale. Mlendoyo sanabise chimene anadzera: ankafuna mkazi wina. Achimwene anaitana mwana wanga wamkazi, wa Fomu 2, kuti adzapereke moni. Mwanayo atagwada, bambo uja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Kamphamvu aka. Kangathe kusoka fodya tsiku lonse?"

"Aaa, n'kakhama zedi," anatero achimwene. "Sikadwaladwalanso."

Mawu amenewo ndinawamvapo pamsika, pogulitsa mbuzi. Amuna anga anangoyang'ana pansi, poti mwana ndi wa kuchikazi. Mtima unandiwawa, komanso ndinangomva kutopa. Mlongo wako sumutsutsa pamaso pa alendo, ndiye ndinapita kukagwira tambala monga anandiuzira.

Ndiwo zitapsa, ndinavuula nthutumba ija n'kuidya ndili chiimire m'khitchini. Inali yoyamba m'moyo wanga. Kanyama kolimba, kopanda chodabwitsa chilichonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikugwadira kameneka?

Mlendo anavundula m'mbale, kutembenuza nthuli iliyonse. Kenako anasamba m'manja, nati ali ndi ulendo wautali. Uthenga anaumva, sanabwerenso.

"Mwandivula pagulu, achemwali!" anakalipa achimwene madzulo ake. "Mwana ameneyu ndi wanu nokha?"

Ndinangotola mbale n'kukatsuka. Mwana anapitiriza sukulu, ine n'kumati basi zatha. Kudzinamiza. Munthu wamkulu ngati ine ndinayenera kudziwa kuti amuna ofuna manja osokera fodya sangathe m'Dowa muno.

Dzana achimwene anatulukiranso pa njinga yawo, akuseka ngati sitinayambanepo. Akuti Loweruka kubwera mlendo wina wochokera ku Ntchisi. Akuti ine ndakalamba, ndayamba kuiwalaiwala, ndiye ndipume. Nkhukuyo aphike mwanayo yekha, akaperekenso yekha, kuti mlendo alawe dzanja lake.