Makaseti a Malume Lufeyo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga, a Lufeyo, anabwerera kwathu ku Msakambewa. Ankayendetsa galimoto ya Mjeremani wina wokumba mijigo ku Ntchisi, ndipo ntchito itatha, mzunguyo anawasiyira wailesi ndi makaseti atatu.

Nyimbo zake zinali zachilendo. Ng'oma inkangogunda chimodzimodzi ngati injini ya chigayo, gitala akulira ngati khasu lonoledwa pamwala, woimba osamveka n'komwe. Malume ankati anyamata a ku Jeremani oimba nyimbozo anabadwira m'dziko lodzala manyazi a nkhondo, choncho anakana nyimbo za makolo awo, anakananso kutengera za ku America, n'kuyamba zawozawo. Nawonso malume anafuna kuyamba zawo. Anamanga waya wa mabuleki a njinga pachigubu, n'kumaimba masana onse m'chigafa cha fodya, motsatana ndi wailesi ija.

Anthu ankati mzungu anawazunguza mutu. Amayi, mlongo wawo, ankayenda chowerama popita kutchalitchi. Ine kusukulu anzanga ankandiyerekezera kulira kwa chigayo ndikamadutsa.

Tsiku lina malume atapita kumaliro, ndinatenga makaseti onse atatu, ndinasolola tepi yake, n'kukaimanga pazikhomo kudimba kuti izithamangitsa mbalame. Amayi anandiona, koma anayang'ana kumbali.

Malume anaipeza ikunyezimira padzuwa pamwamba pa mpiru. Ndinayembekezera mkwapulo. Koma iwo anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi unamvetserapo ngakhale imodzi mpaka kumapeto?"

Ndinati ayi.

"Ndiye waononga chinthu chosachidziwa, iwe mwana."

Sanaimbenso. Anabwerera ku ulimi wa fodya, kenako kukachasu, ndipo anamwalira ine ndili kusekondale. Pamaliro awo alaliki sanatchule za nyimbo.

Mwana wanga wamwamuna amakonza nyimbo pakompyuta ku Lilongwe. Chaka chatha anandiuza monyadira kuti zambiri zomwe achinyamata akuvina lero mizu yake ili kwa Majeremani akale aja, ndipo anandiyatsira imodzi mwa nyimbo zawo pafoni. Ndinaizindikira ng'omayo isanagunde kakhumi. Ndinamuuza kuti azimitse.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinali ndi mwayi posakwapulidwa tsiku lija. Lero ndikudziwa chifukwa chake panalibe wondidzudzula. Mudzi wonse unkafuna malume atonthole, koma akuluakulu ankaopa kudetsa manja awo. Anapeza anga.