Che Swaibu ndi mgwalangwa wa pakaphiri

Che Swaibu ndawadziwa kalekale, ine ndikuyanika matemba pagombe la Chilwa, mbali yathu ino ya Machinga. Munthu wofatsa, wosaba, wosajomba kumzikiti. Ntchito yawo kumata mabwato ndi phula. Ndiye zimene anachita chaka chatha, mpaka lero mutu wanga ukukana.

Kuno ndi mchenga wokhawokha, milumilu. Pakati pa miluyo pali kaphiri, kakafupi, mbuzi imakwera osapumira. Pamwamba pake panali mgwalangwa umodzi. Ukakhala m'nyanja, udzu wa njedza umakupitirira msinkhu, tinjira tonse timafanana. Msodzi amaimirira m'bwato, kuona mgwalangwa, basi wadziwa kolowera doko.

Akazi awo atamwalira, Che Swaibu anakakwatira mudzi wina, chikamwini. Apongozi awo atsopanowo pakamwa! "Bambo wamkulumkulu, denga la mapesi? Mwana wanga ndi nkhuku?"

M'mawa wina tinangomva khuu! Ndinathamanga chitenje chili m'manja, kukapeza mgwalangwa uja uli pansi, Che Swaibu ali ndi nkhwangwa.

"Che Swaibu, mwapenga?"

"Iyayi amayi, ndimafuna mitanda yoti chiswe chisadye."

"Nanga anthu ali m'nyanjamu?"

"Njira amaidziwa."

Tsiku lomwelo mwana wawo Usumani, amene amakhala m'zisakasa zoyandama za asodzi, ankabwera ndi mkazi wake Salma, mimba itayamba kupweteka. Kuimirira, mgwalangwa palibe. Analowa kanjira aka, kotseka. Kena, matope. Dzuwa lili paliwombo, ife pagombe tikumva kukuwa koma munthu osamuona.

Ndinawakankha ine Che Swaibu. "Kwerani! Kaimeni pomwe mwadulapo!"

Anavula mkanjo wawo woyera, kuumanga kunsungwi, n'kumagwedeza ali pachitsa, akulira ngati mwana. Bambo wa imvi, mimba pamtunda, amayi tonse tikuona.

Bwato linatulukira dzuwa litapendeka. Salma anali atachira kale momwemo, paukonde wonyowa. Mwana wamkazi, wamoyo. Koma magazi, abale! Salmayo ndinamunyamula miyendo ine, wozizira ngati nsomba. Galimoto isanafike kuchipatala ku Ntaja, anatisiya.

Mwanayo akuleredwa ndi amake a Salma. Usumani anabwerera kunyanja maliro atangotha, bambo ake osawatsanzika. Mabwato Che Swaibu akumatabe, poti wina wodziwa palibe, koma asodzi amangokoka bwato, kuloza pobooka, n'kuchoka. Ine moni ndimawapatsa. Kuwayang'ana kumaso ndiye ndimalephera.