Munga umene sindinaumve

Ndinavina, abale, ndinavina mpaka fumbi linafika pa denga. Mdzukulu wanga Asiyatu anatsika pa kabaza sabata ino kuno ku Chikweo, ndipo ine, amene ukwati suyamba ndisanatsogolere nyimbo, ndikanakhala pansi bwanji? Nthungululu pakamwa, chitenje m'chiuno, phazi apa, phazi apo.

Iye sanaseke. Ankayang'ana pansi.

"Anganga, magazi awa ndi a ndani?"

Paliponse pamene ndinaponda panali kadontho kofiira. Anandikhazika pa mkeka, n'kutembenuza phazi langa ngati akusankha nsomba ku Chiuta. Pachidendene panali munga wa mthethe, utalowa wonse, mnofu utayamba kale kuda m'mbali.

"Sukukupwetekani?"

"Iyayi, mwanawe. Mapazi awa Mulungu anawakhwimitsa. Ndimaponda khala la moto osamva. Anzanga amandisirira."

Ndimati andiyamikira. Koma iye anachita mantha.

Ndikuuzeni za Asiyatu. Sukulu anayiyambira pansi pa mtengo wa mango, n'kupitirira, n'kupitirira, mpaka kukwera ndege. Si dokotala wa jekeseni ayi. Ntchito yake ndi kusuzumira m'makina, kuona tinthu ta m'thupi tosaoneka ndi maso, timene timauza kapamba kuti agwire ntchito kapena agone. Zaka zonsezi akusaka chinthu chimodzi: n'chifukwa chiyani shuga akugwira ife owonda, ife a khasu ndi chinangwa, pamene tinkati ndi matenda a mabwana a mimba? Akuti zimene amalemba zimawerengedwa kutsidya kwa nyanja. Akuti amene anawaphunzitsa nawonso akuphunzitsa ena. Ine ndikamva, ndimangovina.

Tsono munthu wotereyu akachita mantha, iwe ulimbe mtima ndi chiyani?

Anatulutsa kamakina m'chikwama, n'kundibaya chala. Atakayang'ana, anati shuga wachuluka m'magazi mwanga. Kenako mafunso. Ludzu losatha? Ndinati ndi dzuwa la ku Machinga. Kutaya madzi pafupipafupi? Ndinati wakumwa ayenera kutaya. Chifunga m'maso? Ndinati ndi ukalamba. Funso lililonse ndinali nalo yankho, yankho lililonse ndinali nalo nyimbo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Pamenepo ndinakumbukira Abiti Jafali a ku Phalula, mnzanga wa pabwalo, amene ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Kwa iwo kanayamba ngati kachilonda pa chala. Anathira phulusa, anamanga kansanza, anapitiriza malonda. Pofika kuchipatala kunali kutada. Mwendo anausiya komweko. Lero pa ukwati amawakhazika pa mpando, amangoomba m'manja, maso ali pa mapazi athu.

Kodi tilipo angati, ife onyadira mapazi osamva? Thupi likapweteka timathamangira kuchipatala. Likasiya kupweteka timati tapata madalitso. Mlendo akafika timamulemekeza ndi shuga, supuni iime yokha m'kapu. Shuga m'phala, shuga mu thobwa, shuga pomasula Ramadani, shuga pa maliro. Wokana timati ndi wonyada. Inenso ndinamuthirira Asiyatu tiyi wotero tsiku lomwelo, iye n'kungondigwira dzanja.

Ndipo mwana wa pano pomwe, amene anthu akutali amamufunsa nzeru, kwawo kuno ndani anamufunsapo? Timafunsa za ndege, timafunsa kuti akwatiwa liti.

Ine ndinafunsa mochedwa. "Nzeru zako zonsezo, mwanawe, sizingadzutse phazi langa?"

"Zimene zagona kale mwina sizidzuka, anganga. Koma chilondachi tikachithamangira, mwendo ukhala wanu."

"Nanga kuvina?"

"Muyambe mwavala nsapato."

Nsapato, ine. Ndinaseka.

Kutacha tinapita kuchipatala. Anamwino anatsuka, anamanga, anandipatsa mankhwala, n'kuti ndikabwerenso sabata ya mawa. Kudako kukabwerera, zikomo. Kukakwera, akuti tikakambirana zina. Zinazo sanazitchule, ndipo ine sindinafunse. M'maganizo ndinaona mpando wa Abiti Jafali.

Mwezi wa mawa kuli ukwati wa mwana wa achimwene anga. Nyimbo ndapeka kale, ikuzungulira m'kamwa muno. Sindikudziwa ngati ndikayiyimba chiimire kapena chikhalire.

M'mawa uliwonse tsopano ndimatembenuza phazi langa ndekha, ndimaliyang'ana, ndimalilankhula: pweteka, phazi langa, chonde pweteka.

Inu anzanga ovina, pansi pa phazi lanu munayang'anapo liti?