Chaka Chimene Dambo la Chikanda Linauma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene dambo lathu linauma.

Tinkakhala ku Chifubu, mu Ndola. Atate atamwalira, chimene chinkatidyetsa chinali chikanda. Amama ankakumba timizu take kudambo la kuseri kwa komboni, n'kusinja, n'kuphika ndi nsinjiro, kenako n'kukagulitsa pamsika. Mvula ikatha ndinkawaperekeza. Pofika tinkavula nsapato, chifukwa nthaka inali yofewa, ndipo ukaponda madzi ozizira ankatuluka pakati pa zala. Chapakati panali kankhalango ka mitengo ya katope, kamene anansi athu Achibemba ankati mushitu. Mkatimo munkanunkhira masamba owola, ndipo munali kasupe amene sankaphwa ngakhale m'chilimwe.

Kenako mvula inayamba kutisokoneza. Inkachedwa, ikabwera n'kukhuthuka mwaukali masiku ochepa, madzi n'kungothamangira kumtsinje osalowa pansi. Zinatero zaka ziwiri. Chaka chachitatu moto wolusa unadutsa m'dambomo, ndipo nthaka yeniyeniyo inafuka utsi kwa milungu.

Tsiku limene tinabwererako, ine ndinawerama kuti ndivule nsapato monga mwa masiku onse. Amama anandiuza kuti ndisavule, pansi pandicheka. Dothi linali litang'aluka, kasupe atasanduka dzenje la fumbi, katope atayoyoka masamba. Anakumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, n'kupeza timizu towerengeka tofota. Anatiyang'ana kanthawi, kenako anatibwezera m'dzenje n'kukwirira ndi manja. Atatero anakhala pansi n'kuyamba kulira. Pamaliro a atate analira mokweza ngati aliyense, koma apa misozi inkangotsika, iwo ali chete.

Ndinaganiza kuti akulirira chakudya, choncho ndinawauza kuti ine sindikumva njala.

"Si njala, Esinati," anatero. "Titangofika kuchokera ku Katete, ndinkalira tsiku lililonse kufuna kubwerera. Atate ako anandibweretsa pano, akuti ndione kuti kunonso kuli dambo ngati la kwathu. Ndikabwera pano ndimamva ngati ndawachezera."

Ndinanyamula khasu ndi thumba lopanda kanthu, tinabwerera.

Patangopita miyezi yochepa ananditumiza kwa azakhali ku Kitwe, ati mpaka zinthu zikhaleko bwino. Sizinakhale bwino. Sindinakhalenso ndi amama nyumba imodzi, ndipo anamwalira ndili kusekondale.

Lero pamalopo pali nyumba za mabuloko, ndipo ana a kumeneko sakhulupirira ndikawauza kuti panali madzi. Ndili mwana ndinkayesa kuti chimene chimafa ndi munthu, malo amatsala kuti otsalafe tizipeza potsamira. Tsopano ndikudziwa kuti malo nawonso amafa, koma alibe maliro. Palibe amene anabwera kudzawapepesa amama tsiku lija. Ndinalipo ndekha, ndipo sindinadziwe kuti ali pachisoni.