Mipando ya galimoto ya achimwene

Achimwene anga anabwerera kumudzi chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, atakhala ku Zambia zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anafika masana ena otentha a mwezi wa Okutobala pa galimoto yobiriwira yakalekale, n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya malemu makolo athu, pa boma la Nkhotakota. Ine nthawi imeneyo ndinali telala. Ndinkasoka pakhonde pa sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo m'nyumbamo ndinkakhala ndekha, banja langa litatha.

Sindinawazindikire msanga. Anachoka ali mphunzitsi wachinyamata wojintcha, wokonda kuseka, ine ndili mtsikana wa sukulu. Amene anatsika m'galimotoyo anali munthu woonda, waimvi, malaya akuwalendewera m'mapewa. Ananditchula dzina langa laubwana lomwe palibe ankalitchulanso, ndiye ndinangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

Chomwe chinawathamangitsa chinali chaching'ono. Tsiku lina pamsika anatsutsana ndi achinyamata achipani amene ankakakamiza mayi wapakati kugulira khadi la chipani mwana wosabadwa. Patapita masiku awiri, mnzawo anawatsina khutu kuti akufunidwa, ndipo anathawa osatsanzika. Anasiya mkazi wawo kwawo ku Liwaladzi ali ndi pathupi pa miyezi isanu. Alamu angawo anadikira zaka zinayi, kenako akwawo anathetsa banja, n'kukwatiwa ndi msodzi wina wa komweko. Mwana wamkazi amene anabadwayo analeredwa ndi bambo womupezayo. Ife tinkangomuonera patali, pa maliro kapena pa Idi, chifukwa masiku amenewo kuyenderana ndi banja la munthu wothawa boma kunali kudziputira mavuto.

Sabata yoyamba achimwene anapita kumanda kwa makolo athu, anaswali Ijumaa ku mzikiti, analonjera abale onse amene ankabwera kudzawaona. Aliyense ankawafunsa za ku Liwaladzi, ndipo onse ankawayankha chimodzimodzi, kuti apita akangokonza galimoto.

Injini inalibe vuto, inkalira bwinobwino. Vuto linali m'kati. Galimotoyo anaigula kwa munthu amene ankanyamulira makala, ndipo zinkachita kuonekeratu. Mipando inali yong'ambika, siponji ikutuluka, mawaya akubaya. Mabolodi a m'zitseko anali atafufuma ndi mvula n'kupindika. Nsalu ya kudenga inkalendewera mpaka kukhudza mutu. Kutsogolo, pansi pa galasi, kunali kathabwa kokongoletsa kamene vanishi wake anali atasupuka n'kutuwa. Ukatsegula chitseko unkalandiridwa ndi fungo la chinyezi ndi thukuta la anthu osawadziwa.

Ndinawauza kuti ku Liwaladzi si kutali, matola amapita tsiku ndi tsiku, ndipo mwana safuna mipando, amafuna kuona nkhope ya bambo ake.

"Mlongo wanga, sindinamugulirepo ngakhale sopo. Ndiye ndikamukweze pa mpando wobaya?"

Sindinawatsutsenso. Tinagwirizana kuti iwo akonza mabolodi, denga ndi kathabwa kaja, ine ndisoka za mipando. Ndinachotsa makina anga pakhonde pa sitolo n'kuwaika pansi pa mango, moti ofuna kusoketsa ankanditsatira komweko. Wachibale wina woyendetsa lole anatibweretsera kuchokera ku Lilongwe siponji, guluu, vanishi ndi lekisini wofiirira, nsalu yolimba ija yooneka ngati chikopa.

Apo m'pamene ndinadziwa kuti achimwene ntchitoyi ankaidziwa. Anamasula mipando yonse n'kuiyala pa mkeka, anazula mabolodi a m'zitseko mosamala kuti timapini take tisathyoke, n'kuwajambulira pa mabolodi atsopano. Zikuto zakale za mipando tinazisomola msoko ndi msoko kuti titengere muyeso. Lekisini ndi wouma, tsiku loyamba lokha ndinathyola singano zinayi. Iwo anandiphunzitsa kupaka timafuta pang'ono pamene msoko ukudutsa kuti nsaluyo izitsetsereka, ndi kusiya lekisini padzuwa kaye kuti afewe tisanamukoke pa mpando.

Pagome achimwene sankalankhula za ku Zambia. Ankalankhula akamagwira ntchito, atandifulatira, mutu uli m'galimoto. Anandiuza kuti uphunzitsi unathera pa malire. Anayamba ndi kusesa mu galaja ina, kenako mwini wake anawaphunzitsa kukonza mipando ya mabasi, ndipo imeneyo ndiyo inakhala ntchito yawo zaka zonse. Tsiku lina akumata nsalu ya kudenga anatchula kuti anali ndi mkazi kumeneko, mayi wabwino wogulitsa tomato, koma sanabereke naye. Mayiyo anamwalira zaka ziwiri achimwene asanabwere, atadwala nthawi yaitali. Atanena zimenezi anatsokomola mpaka kutuluka m'galimoto kukagwira mtengo. Anati ndi fungo la guluu. Ine ndinali nditaona kale zilonda za m'miyendo mwawo pochapa masokosi, ndiponso zaka zimenezo panalibe banja limene linali lisanaone kuonda kwa mtundu umenewu. Ndinangopitiriza kupalasa makina.

Pofika pakati pa Novembala mipando inali itatha. Inali yokongola, ndinene zoona. Achimwene anafuna kuti ikhale ndi mizere yotsika, ndipo ndinaisoka yowongoka ngati ndagwiritsa lula. Mabolodi anawakuta ndi lekisini yemweyo, denga linamatidwa nsalu yoyererako. Panatsala kathabwa kakutsogolo kaja. Anakakwecha ndi sandipepa masiku awiri mpaka mtengo wake unaoneka, n'kukapaka vanishi m'mawa, n'kukaimika pa njerwa kuti kaume.

Tsiku lomwelo cha m'ma teni, nkhungu, tizilombo touluka tija, zinatuluka panyanja. Tinaona chiutsi chake chakuda chikubwera kumtunda, amayi oyandikana nafe akuthamanga ndi malichero onyowa kukazikola. Ife tinathamangira kathabwa, koma tinachedwa. Tizilomboto tinali titamatirira mu vanishi mbali yonse, mazanamazana, tina tikugwedezabe mapiko. Achimwene anakanyamula, n'kukayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerereni. Anati ku Zambia anaiwala zoti kwathu kuli nkhungu.

Anadikira kuti kaume, anakwechanso, n'kupakanso, ulendo uno m'chipinda chotseka mawindo. Kanatuluka konyezimira. Koma atakamangirira anati pakona pali thovu, ndiye anakamasulanso. Thovulo ine sindinalione. Kenako anati msoko wa mpando wakumbuyo wapendama, ndiusomole. Kenako anati mphira wa pansi sakugwirizana ndi mipando. Masabata awiri anatha chonchi, kumwamba kukuyamba kuda, mphepo ikununkhira mvula.

Mayi wina wa ku Liwaladzi anabwera kudzasoketsa diresi, ndipo ndikumuyesa anandiuza kuti mbiri ya kubwera kwa achimwene inafika kalekale kumudziko. Anati mwana wawo uja masabata oyamba ankasesa pabwalo m'mawa uliwonse ndipo anasiya kupita kudimba lakutali, kuopa kuti alendo angamuphonye. Tsopano anali atasiya kudikira.

Mayiyo atachoka ndinapita pa galimoto. Ndinawapeza achimwene akupukuta chiwongolero ndi kansalu. Ndinawafotokozera zonse monga ndinamvera, ndipo ndinawonjezera kuti msoko uja sindiusomola, chifukwa ulibe vuto ndipo iwo akudziwa. Ndinalankhula mokweza kuposa mmene mlongo wamng'ono amayenera kulankhulira ndi achimwene ake. Anapinda kansalu kaja, n'kukaika m'thumba, n'kulowa m'nyumba. Mawa lake m'mawa ndinawapeza atavala malaya oyera ndi kofia, akundidikira.

Tinanyamuka pa galimotoyo, kuwoloka mtsinje wa Bua, n'kukhotera kumanja mu kamsewu kamchenga kodutsa m'minda ya chinangwa. Ana anatithamangira mpaka pa nyumba. Amene anatilandira anali bambo womupeza uja, munthu wamkulu wofatsa, amene anali akusoka ukonde pakhonde. Anatiyalira mkeka, anatilonjera mwaulemu wonse, n'kunena kuti akazi awo apita kumunda m'mawa. Tonse tinadziwa kuti anamva kulira kwa galimoto n'kutulukira kuseri.

Mwanayo anabwera ataitanidwa kawiri. Anali mayi kale, ali ndi khanda kumbuyo, manja atayera ndi chinangwa chimene ankayanika pa thandala. Anagwada chapatali n'kutilonjera mmodzimmodzi. Nkhope yake inali ya malemu amayi athu, mphumi ndi milomo yomwe. Ndinaona achimwene akugwira mkeka ndi manja onse awiri.

Ndikudziwa kuti anali atakonza mawu ambiri, chifukwa ndinkawamva akuyankhula okha pokwecha kathabwa kaja. Koma pamkekapo anangofunsa za mvula, za nsomba ngati zikuphedwa, ndi dzina la khanda. Mwanayo ankayankha mwachidule, maso ali pansi. Kenako achimwene anamupempha kuti akwere galimoto, akafike naye kumsewu wa tala ndi kubwerera. Iye anati chinangwa chili pa thandala ndipo kumwamba kwada, sangachisiye. Komabe anadzuka n'kupita kukasuzumira pawindo. Anapukuta dzanja pa chitenje, n'kukhudza mpando wakutsogolo ndi nsonga za zala.

"Yakongola, bambo."

Mawu akuti bambo anawatchula mmene timawatchulira kwa mwamuna aliyense wamkulu amene takumana naye panjira. Nthawi yomweyo mkulu uja anamuitana kuti apatse alendo kanthu, ndipo iye anatembenuka n'kuyankha kuti, "Ndamva, ababa," ndi liwu lina, lofewa, la pakhomo. Achimwene anamva zonse ziwiri.

Anatipatsa ufa wa kondowole mu kathumba ndi usipa wouma pa kalichero. Mwanayo ankafuna kuziika kubuti kuti zisadetse mipando, koma achimwene anakana, anatsegula chitseko chakumbuyo n'kuziika okha pa mpando. Pamabampu ufa unatayikira m'mizere ija ndipo sanaupukute.

Tisanafike pa Bua anaimika galimoto pambali pa msewu chifukwa chifuwa chinawagwira. Chitadutsa anakhalabe atagwira chiwongolero, malole akutidutsa. Anati akanakonda mwanayo akanawakalipira, ngakhale kuwathamangitsa. Mvula yoyamba inatipeza pomwepo, ndipo tinazindikira kuti windo lakumbuyo likudontha.

Chichokereni tsikulo sanayendenso ulendo wautali. Mu Januwale anagonekedwa kuchipatala sabata imodzi, n'kutulutsidwa ndi mankhwala ongochepetsa ululu. Masana ankakonda kukhala m'galimoto zitseko zili zotsegula, akuti mpando wake unkawagwira msana bwino kuposa mkeka. Atayamba kulephera kufika pamenepo, ndinatumiza uthenga ku Liwaladzi osawauza.

Mwanayo anabwera mu Malichi pa matola, ndi khanda lake. Anakhala masiku awiri. Anachapa zofunda, anaphika phala la mpunga, n'kumawamwetsa ndi supuni. Tsiku lachiwiri masana, ine ndikusoka pakhomo pa chipinda, ndinamumva akufunsa chifukwa chimene sanalembere kalata ngakhale imodzi. Achimwene anati makalata ankatsegulidwa, ndipo akanaika amayi ake m'mavuto. Kenako anawonjezera.

"Zimenezo zinali zoona zaka zoyamba. Pambuyo pake anali manyazi chabe."

Mwanayo anaika supuni pansi. Anawapukuta pakamwa, anatola mbale n'kutuluka. Madzulo ake anatsanzika, akuti mpunga wakudimba ulibe woingitsa mbalame.

Achimwene anamwalira kumayambiriro kwa Meyi, Lachitatu m'mawa, ndipo tinawaika tsiku lomwelo pafupi ndi abambo athu. Uthenga unachedwa kufika ku Liwaladzi, moti mwanayo anapeza anthu akuchokera kumanda. Pa sadaka ya masiku makumi anayi anabwera molawirira n'kugwira ntchito kukhitchini tsiku lonse. Abale anagwirizana kuti galimoto ndi yake. Iye anati alibe poisunga ndipo kwawo palibe woyendetsa, ndiye inagulitsidwa kwa munthu wina wa ku Chia amene ankanyamula nsomba ndi mpunga. Nditaiona pamsika patapita mwezi, mpando wakumbuyo anali atauchotsa kuti madengu azikwana. Ndinadutsira njira ina.

Mwanayo anayamba kumandiyendera akabwera pa boma, mwina kawiri pachaka, ndipo ana ake onse ndawasokera mayunifolomu. Za achimwene sitikambirana kawirikawiri. Ulendo wina anandifunsa ngati ndili ndi chithunzi chawo choti akaonetse ana. Ndinafufuza m'sutikesi ya amayi n'kupeza chimodzi chokha, chojambulidwa asanathawe, ataima kutsogolo kwa kalasi, atavala tayi, akumwetulira. Anachitenga n'kupita nacho pakhomo pamene panali kuwala, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera. Anati ameneyu sakumudziwa, ndichisunge ndine.