Ndime Yapakati

Tsiku lomwe bwana anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti dzina langa latuluka pa gulu la apolisi opita kukasungitsa mtendere ku South Sudan, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Ndisakunamizeni kuti ndinkaganiza za mtendere wa eni dziko. Ndinkaganiza za madola. Mwana wanga Tadala anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, nyumba yomwe ndinayamba kumanga pa Namadzi inali itaima pamawindo mpaka udzu kumera m'kati, ndipo malipiro a wapolisi mukuwadziwa, amatha asanafunde n'komwe m'thumba. Koma Loweruka lake nditapita kumudzi kwathu ku Mauwa kukatsanzika, chimwemwe chija chinazizira. Ndinakumbukira kuti ndili ndi nkhondo yangayanga imene ndikuisiya yopanda mlonda.

Tinabadwa akazi atatu: achemwali anga a Feliya, ine Edina, ndi mng'ono wathu Esinati. Mayi asanamwalire anagawa dimba lawo la kumtsinje m'ndime zitatu, ndipo poti ankawadziwa bwino ana awo, ine anandiika pakati. Chitsime chothiririra mbewu chinali m'ndime yangayo. A Feliya ndi Esinati sankalankhulana. Chiyambi chake chinali mbuzi za Esinati zomwe zinadya nazale ya matimati ya achemwali, koma za mbuzi zikanatha tsiku lomwelo. Chomwe chinakhalitsa ndi mawu amene a Feliya analavula pagulu, akuti munthu wosabereka sadziwa kuwawa kwa kulera chinthu. Pamenepo n'kuti banja la Esinati litangotha chifukwa cha nkhani yomweyo ya mwana. Kuyambira tsikulo, akaonana panjira wina ankakhotera m'chimanga.

Amalume, omwe ndi eni mbumba, anayesa kuwakhazika pansi mpaka anagwa mphwayi. Ndiye ine ndi upolisi wanga ndinaika lamulo: a Feliya azitunga madzi m'mawa, Esinati madzulo, ndipo aliyense akakhala ndi mawu kwa mnzake azidzera mwa ine. Zinkayenda. Panalibe womenya mnzake, panalibenso wopatsa mnzake moni. Ine ndinkanyada nazo, ndisabise. Kumudzi ankati pakanapanda Edina mbumba imeneyi ikanatha.

Potsanzika ndinalowa nyumba ziwirizo padera, monga mwa nthawi zonse, ndipo mawu anga anali amodzi: ndime yanga musaikhudze, ikhale tsala mpaka ndidzabwere, chikavuta imbani foni. A Feliya anati, "Pita, koma ukakamva kuti ndili kundende usakadabwe." Esinati anandigwira mkono pakhomo n'kunena, "Achemwali, mukundisiya ndi ndani?" Ndinakwera ndege ndi mawu amenewo ali phuu pamtima.

Kumene ndinafikira kunali kutentha koti ukasamba umatuluka thukuta usanavale. Tinkagona m'makontena, kuseri kwa waya ndi matumba a mchenga. Ntchito yathu inali pamsasa wa anthu omwe anathawa nkhondo. Akuluakulu a dzikolo anali atasainirana kuti nkhondo yatha, koma anthu a mumsasamo sankafuna kumva zobwerera kwawo. Munali mitundu iwiri yomwe inaphana, wina uku wina uko, msewu pakati, ndipo mumsewumo ndi momwe tinkaima ife. Mjigo unali m'mbali mwa msewu womwewo. Atandionetsa dongosolo lake lotungira, awa m'mawa awa madzulo, ndinaseka ndekha mpaka mnzanga wa ku West Africa anandifunsa ngati dzuwa landilowa m'mutu. Ndikanamufotokozera bwanji kuti ndauluka mtunda wonsewu kudzagwira ntchito ya ku Mauwa?

Kusungulumwa kunkandipeza Lamulungu. Kwathu ndi tsiku lovala zoyera, kuyenda ndi amayi anzako kupita kutchalitchi, kuimba mpaka mawu kusasa. Kuja ndinkakhala pabedi m'kontena n'kuyamba nyimbo, ndikafika pamene amayenera kulandira a besi ndinkangosiya. Chondisangalatsa chinali foni, ngakhale nayonso inali khoti. A Feliya ankatumiza mavoisi, mauthenga a mawu aatali: nkhuku za uja zalowa pakhomo panga, uja wandiyang'ana moipa kumaliro, umuuze. Esinati naye: awo atunga mpaka dzuwa kufika pamutu, madzi atsala matope, muwauze. Ndinkamvera, n'kuchotsa minga, n'kupereka uthengawo utafewa. Ndalama ndinkatumiza zofanana ndendende, poopa kuti wina akaposa ndi ya sopo yokha mudzi uyaka. Zotsala zinkapita ku fizi ya Tadala ndi kwa mmisiri pa Namadzi. Nyumba ija inatha, ndi momwe ndikulembera izi, koma mpaka lero foni ikalira mtima umayamba wadumpha.

Pamsasapo pankabwera akazembe. Ankafika pa magalimoto oyera, atavala zipewa zatsopano, aliyense ndi botolo la madzi m'manja, ndipo ankachoka dzuwa likadali m'mwamba chifukwa msewu sunali wodalirika. Ulendo wina anandiika pakhomo la tenti yomwe anachitiramo msonkhano, choncho ndinamva zonse. Nkhani inali yakuti ife alendo tichepetsedwe, msasawo uperekedwe m'manja mwa boma la dzikolo.

Kazembe wina wa ku Ulaya, mayi wa imvi wolankhula pang'onopang'ono, anati dziko silingaberekedwe kumbuyo mpaka kalekale. Anati ndalama zikuchepa, nkhondo zabuka kwinanso, ndipo apolisi a dzikolo sadzaphunzira ntchito ngati nthawi zonse pali mlendo wowagwirira. Mnzake wa dziko loyandikana ndi South Sudan, bambo wamkulu thupi amene ankangopukuta thukuta, anamudula. Anati mtendere umene ulipo ndi wa papepala, mfuti zikadali pansi pa mabedi, asilikali a mbali ziwiri sanasakanizidwe, makhoti kulibe. Anati, "Inu zikavuta mukwera ndege. Othawawo adzagogoda kwathu." Wina wachinyamata ankangobwereza za chisankho, kuti anthu akavota zonse zikhala m'malo.

Kenako anapatsa mpata mayi wina wa mumsasamo, mtsogoleri wa amayi a mbali imodzi, wamtali, wowonda. Analankhula m'chinenero chawo, womasulira n'kumatsatira. Anati, "Mukachoka tiphana. Mukakhala sitidzalankhulana. Ine sindikudziwa choti ndikupempheni." Akazembe analemba m'mabuku awo, anajambulitsa ndi ana, anakwera magalimoto. Ine mumtima ndinali mbali ya bambo wathukuta uja. Ndinkati mayi wa imviyu sadziwa anthu. Anthu odana ukawachokera pakati umakapeza maliro.

Mvula itayandikira, gulu lathu analisamutsira kumalo ena akutchire. Tisananyamuke ndinalandira voisi ya Esinati, akulira. "Achemwali, chitsime chagumuka. Awo akuti ndagumula ndine dala. Akuti andipeza." Ndinayesa kuimba, osalowa. Mawa lake tinali pamsewu, ndipo kumene tinakafikako kunalibe netiweki. Mvula itagwa misewu inasanduka madambo, galimoto osadutsa.

Miyezi imeneyo sindifuna kuikumbukira. Ndinkalephera kukhala pansi. Ndikaweruka ndinkazungulira mpanda wa kampu ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, kenako kukwera pa matumba a mchenga, foni m'mwamba, mwina kamzere kamodzi kangaoneke. Anzanga ankati ndasiya mwamuna wosakhulupirika kumudzi. Chakudya chinkandikanika. Ndinkaona zikwanje zomwe tinkalanda kwa anyamata kumeneko n'kumaganiza za chikwanje cha a Feliya chomwe chimakhala kuseri kwa chitseko. Ndinkadziimba mlandu kuti ndagulitsa abale anga ndi malata.

Netiweki itabwera, nditabwerera kukampu yaikulu, ndinapeza zodabwitsa. Mavoisi aatali aja kunalibe. A Feliya anangolemba kuti tili bwino. Esinati naye, tili bwino, mubwera liti. Ndikaimba ankayankha mwachidule ngati ndikuwachedwetsa. Zimenezi zinandiopsa kuposa kulira kuja, chifukwa kwathu munthu ali kutali sauzidwa zoipa. Ndinafunsa Tadala, iye anati, "Amayi, ine ndili kusukulu, za kumudzi ndizidziwa bwanji?"

Nthawi yanga itatha ndinabwerera. Sindinagone n'komwe m'nyumba yanga yatsopano. Ndinangoponya zikwama, n'kukwera kabaza mpaka ku Mauwa, ndipo sindinalowe m'mudzi, ndinatsikira kudimba. Nditafika ndinayamba ndakayika ngati ndi pomwepo. Mizere ya nsenjere yomwe mayi anadzala m'malire kunalibe. Mabedi a mpiru, kabichi ndi matimati anangoyenda kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje, kudutsa pandime yanga ngati sipanakhalepo mwini. Chitsime chinali chachikulu kuposa kale, chomangidwa ndi njerwa. Ndipo pachitsimepo panali anthu awiri, wina akukoka ndowa, wina akudzaza makeni othiririra mbewu.

A Feliya atandiona anaseka, ndipo ndinaona kuti dzino lakutsogolo palibe. Esinati anandikumbatira, pamkono pake pali chipsera chachitali.

"Chachitika n'chiyani kuno?" ndinafunsa moni ndisanapereke.

"Tinamenyana," anatero a Feliya, ngati akunena za mtengo wa mchere. "Pompano. Tinayesa foni yako, zii. Matimati akufota. Ndiye ndinabwera madzulo, nthawi ya iyeyu, kudzamufunsa."

"Sanabwere kudzafunsa awa," anatero Esinati. "Anabwera ndi mpini."

"Iwe unali ndi keni, ndipo dzino langa linapita ndi keniyo."

Anandifotokozera mopokerezana. Anagwetsana m'matope, popanda woleretsa chifukwa kudimba kunalibe munthu. Esinati anagwera pa lata lotchingira nazale n'kung'ambika mkono. Magazi atatuluka ambiri, a Feliya anavula duku n'kumumanga, ndipo anamuperekeza okha kuchipatala cha pa Mauwa, mkamwa mwawo namonso mukutuluka magazi. Pabenchi podikira adokotala ndi pomwe Esinati ananena zonse zimene anasunga zaka zonsezi, mosachotsa minga, anthu akumva. A Feliya analira. Mkono utapola anakumba chitsime, wina pansi wina pamwamba kukoka dothi, chifukwa chitsime sakumba munthu mmodzi. Atamaliza anaona kuti kuzungulira tsala langa ndi makeni n'kutaya nthawi, basi anazula malire.

Mukuganiza kuti ndinagwada n'kuthokoza Mulungu? Ndinakwiya. Ine kuonda kutchire, kukwera matumba a mchenga ngati wamisala, iwo kuno akudyera limodzi kabichi wa pandime yanga! Ndinati, "Ndinanena kuti musaikhudze. Nanga Tadala adzalima pati?"

A Feliya anapukuta manja pachitenje. "Tadala ndi mwana wa pano, adzalima pano ndi anzake. Koma ngati ukufuna malire ako, sitikukaniza. Khasu ilo. Ukabwezeretse wekha, ife manja athu ayi."

Ndinabwerera ku Namadzi tsiku lomwelo osadya. Masiku otsatira ndinkangozungulira m'nyumba yanga, kuchipinda, pabalaza, pakhonde, kuchipindanso. Ndinkakangana ndi akazembe aja m'mutu. Dzino la achemwali linkandiuza kuti bambo wathukuta sananame. Chitsime chinkandiuza kuti mayi wa imvi naye sananame. Komanso kwathu anamenyana ndi keni ndi mpini, pamene kuja pansi pa bedi pali mfuti, ndipo lata lija likanalowa pang'ono chabe ndikanafikira pamanda. Mpaka pano mukandifunsa kuti anzanga otsala kuja achoke kapena akhale, ndilibe yankho, ndipo ndimakayikira aliyense woyankha msanga. Koma chimene chinkandisowetsa tulo sichinali chimenecho. Chinali chakuti zaka zonse zija ndinkati ndikusunga abale anga, ndipo iwo anapezana nthawi yokhayo yomwe ine ndinasowa.

Komabe mtima wanga ndi wouma. Loweruka linalo ndinalawirira ku Mauwa, ndinatenga khasu kwa amalume, ndipo ndinatsikira kudimba kuti ndikabwezeretse malire. Ndinayamba kufunafuna pomwe panali nsenjere za mayi. Ndinayeza ndi maso kuchokera pachitsime, koma chitsimecho chinali chitakula. Ndinafukula apa, mizu ya mpiru. Ndinafukula apo, manyowa. Pomaliza ndinaima pamalo pomwe ndinkakhulupirira kuti ndi pakati penipeni pa ndime yanga, khasu paphewa, ndikuganiza poyambira kudula.

Kumbuyo kwanga ndinamva madzi akukhavukira. Anali Esinati, makeni awiri odzaza m'manja, a Feliya akumutsatira ndi ena awiri, akupitiriza nkhani ina yomwe ine sindinkaidziwa mutu wake. Esinati anaima, mikono ikunjenjemera ndi kulemera, ndipo analankhula mwaulemu wake wonse, wopanda mwano.

"Achemwali, tasunthani pang'ono, mwaima panjira."

Ndinasuntha, iwo anadutsa.